Tsiku limene a Chilembwe anauluka mu holo

Drone, kandege kakang'ono ka kamera koulutsa ndi rimoti, ndinaigula kwa mnyamata wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pogulitsapo anandiuza zinthu ziwiri zokha: kuti imalemera magalamu 249, komanso kuti "imadziyendetsa yokha, bigi". Mawu achiwiriwo ndi amene ndinapita nawo kwa amalume, omwe anali wapampando wa komiti ya ukwati wa msuweni wanga ku Chilomoni.

"Sikagwera munthu kameneka?" anafunsa amalume akukatembenuza m'manja.

Ndinawakumbutsa kuti ku Kasungu tindege totere takhala tikuuluka kuyambira 2017, boma ndi a UNICEF akutiyesa.

"Ku Kasungu ndi panja. Ukwati wathu ndi wa mu holo."

Ndinawayankha kuti mpweya ndi womwewo.

M'bokosi munalinso timikombero tapulasitiki totchingira mapiko kuti asacheke munthu kapena kukola chinthu. Timeneto ndinatisiya kunyumba. Tinkachititsa kandegeko kuoneka ngati ka wophunzira, pamene ine ndinali nditadinditsa kale malaya olembedwa dzina la kampani yanga kumsana.

Panja zinayenda bwino kwambiri. Mdipiti wa magalimoto ndinaujambula kuchokera kumwamba, ana akuthamangira chithunzithunzi cha kandege pansi, azimayi akululutira ine m'malo mwa akwati. Kunja kandege kamamva masetilaiti a GPS, ndiye ukachotsa zala pa rimoti kamangoima njo pamalo amodzi, kaya kuli kamphepo. Ukakalowetsa pansi pa malata masetilaitiwo sakamvekanso. Kamayamba kudalira kakamera kena kakang'ono kapamimba, koyang'ana pansi, ndipo kakamerako kamafuna kuwala ndi pansi pokhala ndi mizere kapena timaluwa toti kazigwirapo diso. Holo yathu inali ya matailosi oyera, opukutidwa mpaka munthu kumadziona mano, ndipo okongoletsa anali atatchinga mawindo onse ndi nsalu. Zimenezi mnyamata wa ku Joni sanazitchule.

Inafika nthawi ya perekani-perekani. MC anaitana a kuchimuna, nyimbo inagunda, mzere unanyamuka. Kutsogolo kunali amalume, atavala nsapato zawo zatsopano zabulawuni, zosongoka, zija zongolowetsa phazi, zomwe anakhala akutiuza mtengo wake kuyambira m'mawa. Mkwatibwi anagwira lichero, ndalama zikugwera momwemo, zina pansi, makashiya ali pambali kusintha ndalama zikuluzikulu kuti anthu aponye kambirimbiri. Amalume ananditsinzinira diso. Ndinakweza kandege n'kukaimika pamwamba penipeni pa licherolo.

Anthu amaganiza kuti kanthu kolemera ngati paketi ya batala sikangakhale ndi mphepo. Mapiko anayi aja amakankhira mpweya wonse pansi, ndipo pansipo panali ndalama zapepala. Oyamba kunyamuka anali mayi Rose Chibambo, ma 200 onse mbwee! Kenako a Chilembwe pa ma 500. A Kamuzu pa ma 1,000 anayamba achita ulemu pang'ono, koma nawonso anatsatira. Lichero linayera mkwatibwi akuligwirabe, akumwetulirabe, poti anamuuza kuti asasiye kumwetulira pali kamera.

Ana amene tsiku lonse anali kukanizidwa kulowa anatulukira pansi pa matebulo. MC anakuwa, "Ndalama za akwati zimenezo! Ana inu, siyani!" koma DJ anaona ngati ndi gawo la pulogalamu, nakweza nyimbo. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina wolemekezeka, wa handibagi yagolide, akuwakha 500 m'malere ndi dzanja limodzi osaphonya sitepe.

Ndinati ndikakweze kuti mphepo ichepe. Nthawi yomweyo magetsi anathima.

Nyimbo inaduka, mu holo munangotsala kulira kwa kandege. Mdima uja unatseka diso lapamimba lija, ndipo pafoni panatuluka mawu oti ATTI. Panthawiyo sindinkadziwa kuti tanthauzo lake n'loti kandege kasiya kudzigwira, katsala n'kusunga msinkhu wokha, kwinako uone wekha. Ukachotsa zala sikaima, kamangoseseleka kulowera kumene kafuna. Ndipo kanafuna tebulo la akuluakulu.

Ndinakankhira kumanzere, iko kanapita kumanja. Kanali katandilozetsa mphuno, ndiye kumanzere kwanga kunali kumanja kwake, chinthu chimene munthu amachikumbukira bwino akakhala pansi kunyumba. Kumanjako kunali azakhali, atamanga duku lalitali lolimba ndi sitachi. Anakaona kakubwera mwa pang'onopang'ono, timagetsi take tikuphethira mumdima, ndipo anagwira mbale ya keke n'kudzitchinga nayo kumaso.

"Iwe! Kachotse kasatana kakoka!"

Ndinakankhira mmwamba ndi mphamvu zonse. Duku linapulumuka. Koma kandege kakayandikira kwambiri kudenga kamachita ngati kakokedwa, kamathamangira komweko, ndipo kudenga kwathu kunali nsalu zoyera zotambasulidwa kuchokera pakati, ndi mulu wa mabaluni. Phwa! Phwa! Wina kumbuyo anafuula kuti mfuti. Mapiko anakulunga nsalu, injini zinazima, kandege kanatsala lende, kakulira tii, tii, kamera yake itayang'ana pansi.

Jenereta italira, aliyense anayang'ana kumwamba, kenako kwa ine. Makwerero anali m'sitolo, kiyi wa sitolo anali ndi mlonda, mlonda anali atapita kukadya. Choncho kudula keke, malangizo a ankhoswe, mawu othokoza, zonse zinachitika pansi pa kandege kakulendewera. Abusa popemphera pemphero lotsekera anatsinzina diso limodzi lokha.

Madzulo komiti inakhala pansi kunyumba kwa amalume. Makashiya anati ndalama za gawo la a kuchimuna zachepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anasintha. Amalume sanachedwe kugamula.

"Wabalalitsa ndi iwe. Tidula pa malipiro ako."

"Malipiro ake ati, amalume? Munati ndi ntchito ya pachibale."

"Ndiye ulipira za m'thumba."

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti kamera sinasiye kujambula chiyambire perekani-perekani. Ndinazula kamemore khadi n'kulowetsa mu laputopu, komiti yonse inaunjikana kumbuyo kwanga. Kunena zoona, ndi zithunzi zabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Kuchokera kumwamba chilichonse chinkaoneka. Kamnyamata kena kakupinda ma 200 n'kumalowetsa mu sokosi. Mayi wa handibagi uja akutsegula zipi. M'modzi wa operekeza mkwati akutolera mokhulupirika, koma theka kulichero, theka m'jekete. Azakhali ankatchula mayina, mlembi akulemba.

Kenako pakona pa chithunzi panatera 5,000 imodzi, yatsopano. Nsapato yabulawuni, yosongoka, inaseseleka n'kuiponda. Holo yonse ili piringupiringu, nsapatoyo sinasunthe. Magetsi atayakanso mwini wake anawerama, namanga zingwe za nsapato yopanda zingwe.

Pabalaza panangoti zii.

"Ndinkaisungira akwati," anatero amalume. "Ikanauluka."

Azakhali anakoka mpando n'kuvala magalasi awo.

"Mwanawe, tabweza pang'ono. Kamatha kuyenda pang'onopang'ono kameneka?"