Ma muon anga ankabwera magetsi akathima

Kuyambira Lachiwiri usiku mpaka lero m'mawa, maola 60 osazimitsa, kachitini kanga kogwirira ma muon, tizidutswa tosaoneka tomwe timagwa kuchokera kumwamba, kawerenga ka 19 kugunda pamodzi kwa masensa ake awiri, chizindikiro choti muon wadutsa. Ka 19 basi. Masabata awiri apitawo kankandipatsa 312 pa tsiku limodzi, ine n'kumayenda m'nyumba muno chifuwa patsogolo ngati ndagula minibasi. Koma 19 ameneyu ndi amene ndingamuikire kumbuyo, ndipo kuti ndimupeze ndataya masiku 6, mabatire 9 ndi kaulemu kanga pamaso pa mayi a kunyumba.

Kwa amene simunakaone, ndi magulu awiri a madayodi a silikoni otchedwa BPW34, anayi pamwamba, anayi pansi, pakati pake sentimita imodzi. Gulu lililonse lili ndi ampulifaya yake ya TLE2072. Seketi ndinatengera pa ija anthu a ku CERN, labotale yaikulu ya physics ya ku Geneva, anakonzera ana asukulu, ine ndangoipanga kawiri n'kukweza bias, mphamvu ya magetsi yoikidwa pa madayodi, kufika mavoti 27, mabatire atatu a 9V. Gulu la pamwamba limalowa kumanzere kwa sound card ya laputopu, la pansi kumanja, ndipo pulogalamu ya Python imayang'ana ngati onse awiri agunda mkati mwa ma microsecond 50. Zonsezi zili m'chitini cha mabisiketi a Khirisimasi.

Ndikudziwa kuti kuitcha vertex detector, makina opeza malo enieni pomwe kachidutswa kaswekera, n'kudzikweza. Ya LHCb, kafukufuku wina wa ku CERN, ija amati VELO, chiikonzereni mwatsopano kuti iyambe ntchito mu 2022 ili ndi mapikiselo oposa 40 miliyoni, iliyonse ma micron 55 mbali zonse, ndipo imayandikira mpaka mamilimita 5.1 kuchokera pomwe ma proton akudutsa. Imayenera kuyandikira choncho chifukwa B meson, kachidutswa komwe amakasaka, imangokhala pafupifupi ma picosecond 1.5, kuyenda ngati sentimita imodzi n'kusweka, ndiye asayansiwo amatsata mizere ya zidutswazo chobwerera mpaka apeze pomwe yaswekera. Ine ndili ndi mapikiselo awiri, aakulu ngati chikhadabo. Koma silikoni ndi yemweyo: mphamvu ya ma eV 3.6 pa elekitironi iliyonse yomasulidwa, kaya uli ku Geneva kaya uli ku Area 25. Kusiyana n'kwakuti sensa ya ma micron 300 imatulutsa ma elekitironi pafupifupi 24,000 muon akadutsa, pamene kadayodi kanga, komwe gawo lake logwira ntchito ndi lopyapyala ngati ma micron 100 ngakhale pa mavoti 27, kamapereka mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Chizindikirocho chimangosuzumira pang'ono pamwamba pa phokoso la m'seketi. Apa m'pamene panagona vuto lonse.

Nditaika 312 uja pa gulu lathu la WhatsApp ambiri anaombera m'manja. Mkulu wina, mphunzitsi wa physics wopuma pantchito, anangolemba kuti, "Achimwene, masamu akuti bwanji?" Ndinakwiya pang'ono, koma ndinatenga pepala. Muon amabwera pafupifupi mmodzi pa square centimetre pa mphindi. Dayodi imodzi ndi ma square millimetre 7.5, zinayi ndi 0.3 ya square centimetre, ndiye gulu limodzi lingaone ngati 18 pa ola. Odutsa magulu onse awiri, ukawerengera kampata kochepa ka kumwamba komwe magulu awiriwo akuonera limodzi, ndi awiri pa ola ukachita mwayi. Pa tsiku sangapitirire 50. Lilongwe ali pa mamita ngati 1,050, inde zimawonjezera pang'ono, koma osati ka 6. Nanga zongochitika mwangozi? Gulu lililonse palokha limagunda ka 10 pa mphindi, ukaphatikiza ndi kugunda kosakhala kwa ma muon, ndiye awiriwo angakumane mwangozi kamodzi pa maola pafupifupi 100. Choncho 312 uja sanali ma muon, sanalinso ngozi. Chinachake chinkagogoda zitseko ziwirizo nthawi imodzi.

Woyamba kumuganizira anali kuwala, poti BPW34 ndi photodiode, ntchito yake yeniyeni ndi kuona kuwala. Ndinamata tepi yakuda pa bowo la waya, m'mbali mwa chivundikiro, n'kufunditsa chitinicho bulangete. M'mawa mwake chiwerengero chinali 9. Ndinalemba pa gulu kuti vuto latha. Tsiku lotsatira, 270.

Kenako ndinati n'kutentha. Mwezi wa Okutobala uno chipinda changa cha malata masana chimakhala ngati uvuni, ndipo leakage current, magetsi odontha okha mu silikoni, imawirikiza kawiri kutentha kukangokwera madigiri 7 kapena 8. N'chifukwa chake anzathu a VELO amayendetsa CO2 wozizira pafupifupi madigiri 30 pansi pa ziro m'timitsempha tojambulidwa mkati mwa silikoni momwemo. Ine ndinabwereka cooler box ya alamu anga, ija amaikamo mafirizesi ogulitsa, n'kuikamo mabotolo a madzi oundana. Chomwe ndinapeza ndi mame pa bolodi. Ndinazimitsa msanga, n'kuyanika tsiku lonse. Musayesere zimenezi popanda silica gel.

Tsiku lachinayi ndinatsuka flux, zotsalira za mankhwala owotcherera. Polowera ampulifaya pali ma rezisita a ma megaohm, ndiye kauve kalikonse kamakhala njira ya magetsi. Ndinayamba ndi spirit wa pepo wa m'golosale, yemwe akauma amasiya utoto wake pa bolodi, mpaka ndinakapempha isopropyl kwa mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika waukulu. Mnyamata ameneyu ndimamupatsa ulemu. Ali ndi kabokosi ka machesi kodzaza ma kapasita a C0G ochotsa m'mabolodi akufa, ndipo sanandifunsepo kuti ndikupanga chiyani, amangoti, "Bwana, ya ma pico angati lero?" Madayodi okha ndi amene amachokera ku Johannesburg, msuweni wanga amawatumiza pa basi atawakulunga m'masokosi. Bolodi linawala. Chiwerengero chinatsika kufika 11, mawa lake n'kukwera kufika 400.

Chinandisokoneza n'chakuti chilichonse chomwe ndinkachita chinkaoneka ngati chagwira, kenako n'kubwerera. Ndipo cholakwa chinali changa: pulogalamu yanga inkangosindikiza chiwerengero chonse m'mawa, osalemba nthawi ya kugunda kulikonse. Ulesi weniweni, mzere umodzi wa Python.

Tsiku lachisanu ndinachita zomwe ndikanayamba nazo. Ndinachotsa gulu la pansi n'kuliika pambali, kumapeto ena a chitini, pomwe muon wochokera kumwamba sangadutse onse awiri. Zikanakhala zoona, kugunda pamodzi kukanatheratu. Kunapitirira ngati sipanachitike kanthu. Ndinaikanso kabelu kolira nthawi iliyonse magulu akagunda pamodzi, n'kupita kuntchito mtima uli zii.

Madzulo ndikuvula nsapato, mayi a kunyumba akupeta mpunga pakhonde anati, "Inu abambo, kachitini kanuko bwanji kamachangamuka magetsi akathima? Akayaka kamangoti duu ngati kakwiya, akangothima ndiye pii, pii, mwana mpaka wadzuka." Ndinaima nsapato imodzi ili kumanja.

Inveta. Ili kuseri kwa chitseko, ya mtundu wotchipa uja wa modified sine wave, yomwe m'malo mokwera ndi kutsika mosalala imadumpha ngati masitepe. Magetsi akathima laputopu imadya kwa iyo, phokoso la kudumphako limadutsa pa chaja, kulowa pa ground ya USB, kutsata chikopa cha waya wa sound card mpaka m'chitini, n'kufika pa magulu onse awiri nthawi imodzi. Nditatsegula mafunde ojambulidwa n'kuwakulitsa ndinaona timano ting'onoting'ono tobwera motsatira ma 50 Hz, tonse tili pansi pang'ono pa malire omwe ndinaika. Timangodumpha malirewo mwa apo ndi apo, tikakumana ndi phokoso lina, n'chifukwa chake chiwerengero sichinafike masauzande kuti ndidzidzimuke. Chinali chachikulu mokwanira kundisangalatsa basi. Masiku a 9 ndi 11 aja anali masiku omwe dera lathu silinathimitsidwe. Tepi ndi isopropyl zinangolandira ulemu wa eni ake.

Panalinso chachiwiri, chochititsa manyazi kuposa choyambacho. Ndinaika mita pakati pa chivundikiro ndi chitini: siinalire. Penti ndi vanishi wa m'mphepete zinkatchinga, ndiye chivundikirocho chinali chitsulo chongoyandama pamwamba penipeni pa madayodi, mlongoti weniweni. Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinaonekera kuzungulira konse, n'kuwotcherera waya wolukana kuchokera pa chivundikiro kufika pa chitini, chikopa cha waya wotuluka n'kuchimangirira pa bowo pomwe chikutulukira, osati pa bolodi. Pakati pa chitini ndi sound card ndinaika ground loop isolator, ija amagwiritsa ntchito oika mawailesi m'galimoto ku Malangalanga. Imapinda maonekedwe a pulse pang'ono, koma nthawi yake siisintha, ndipo ine ndikufuna nthawi.

Ndisanabwezeretse magulu pamalo pake ndinayesa lililonse palokha ndi feteleza wa MOP, yemwe ndi potassium chloride. Amene simunayesepo, potassium chloride ali ndi K-40 mkati, potassium wotulutsa radiation, pafupifupi ma becquerel 16 pa gramu, ndipo ma beta ake amafika 1.3 MeV. Wogulitsa zaulimi anadabwa nditapempha theka la kilogalamu, anandifunsa ngati munda wanga ndi wa m'mphika. Ukaika kajumbo kake pamwamba pa madayodi kugunda kumakwera moonekeratu, ukachotsa kumatsika. Ndimakonda njira imeneyi kuposa ya Geiger yanga yakale ya SBM-20, yopimira radiation, yomwe inkafuna mavoti 400 ndipo inandimenya shoko kawiri ndisanaiponye m'dirowa.

Kenako mayeso a pambali aja ndinawabwereza, maola 24, magetsi anathima kawiri, inveta ikulira: ziro. Nditabwezera gulu la pansi pamalo pake ndi pomwe papezeka 19 pa maola 60, ndipo tsopano nthawi ya aliyense yalembedwa. Asanu anabwera magetsi atathima, 14 atayaka, zomwe zikugwirizana ndi kutalika kwa nthawi ziwirizo. Masamu amalola mpaka 120, ndiye ndikugwira ngati mmodzi mwa asanu ndi mmodzi, kutanthauza kuti gulu lililonse likuona ma muon anayi mwa khumi. Enawo akumira m'phokoso. Madayodi anayi pa ampulifaya imodzi akuchulutsa capacitance, ndipo ndikuganiza kuti transistor ya JFET patsogolo ingathandize, kapena dayodi iliyonse ikhale ndi ampulifaya yakeyake, zomwe zingandipatsenso mapikiselo anayi enieni pa gulu. Mkulu wa physics uja wayankha ndi chala chimodzi chokweza m'mwamba, n'kuwonjezera kuti pa 19 ndiyembekezere kusiyana kwa 4 uku ndi uku, ndisathamangire kulemba magazini.

Mutu wanga wathamangira kale kutali. Ndikufuna magulu anayi a masensa a makamera akale, magalasi atachotsedwa, kuti ndione mzere weniweni osati kugunda kokha, ndi kachitsulo ka mtovu pakati, mwina tsiku lina mizere iwiri idzatuluka pamalo amodzi ine n'kunena kuti vertex ndi iyi. ALICE, ya ku CERN konko, inachita zimenezi ndi mapikiselo 12.5 biliyoni a CMOS, ine ndili ndi ma webcam atatu ndi foni yosweka sikirini. Ndikulakalakanso kunyamula chitinichi kukwera nacho phiri la Dedza, ngakhale Sapitwa pa mamita 3,002, kuti ndione ngati chiwerengero chikwera, kungoti pa kugunda kumodzi pa maola atatu ndiye kuti ndikagona kumeneko sabata yathunthu. Kabelu kaja ndalamulidwa kuti ndikachotse lero lomwe, ndipo cooler box ya alamu anga sindinabweze.