Lachinayi kuchipinda cha mano: mawanga a madzi a pamjigo

Lero ambiri sanabwere ndi dzino lowawa, amafuna mano oyera. Nyengo ya maukwati ikafika zimatero.

Oyamba kulowa anali bambo osuta fodya, okondanso tiyi wopanda mkaka. Zikanga zakuda zinali zitaunjikana m'mbali mwa nkhama, makamaka kuseri kwa mano akumunsi. Apa mankhwala oyeretsera safunika. Tinangopala ndi makina, n'kupukuta ndi polishi, basi. Litsiro lotere limakhala pamwamba pa dzino, ndipo akapitiriza kusuta libwereranso.

Yemwe anatenga nthawi ndi mtsikana wokulira cha ku Nathenje, komwe madzi a mijigo ina ali ndi fluoride wambiri, mchere wachilengedwe wochokera m'miyala ya pansi. Mano ake akutsogolo ali ndi mawanga oyera mbee, pena mizere yofiirira. Anzake ankamunena kuti satsuka m'kamwa, koma si choncho. Mawangawa amalowa pamene mano akupangika mkati mwa nkhama, mwana asanakwanitse zaka 8, ngati madzi akumwa apitirira mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita, womwe ndi mlingo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Banga limakhala mu enamelo, chikuta cholimba chakunja kwa dzino, choncho mswachi sungalichotse.

Anali atayesa kale makala, phulusa ndi mandimu, ndipo zizindikiro zake zimaoneka. Enamelo amayamba kusungunuka pH (muyeso womwe umatsika asidi akachuluka) ikatsika kupitirira 5.5, pomwe madzi a mandimu ali cha pa 2. Ukawonjeza kukhula ndi makala, enamelo amapyapyala ndipo dentini wachikasu wa mkati amaonekera. Mano amaderako m'malo moyera, amayayamira ukamwa madzi ozizira, ndipo enamelo akatha samera.

Tinayamba ndi kuunika ngati pali dzino lobowoka kapena nkhama zotuluka magazi, chifukwa peroxide, mankhwala oyeretsera mano, akalowa pabowo ululu wake si wamasewera. Tinalemba mtundu wa mano ake poyerekeza ndi tchati ya VITA ya mitundu 16, kuti podzaona kusintha tisamadalire maso okha. Kenako tinatchinga nkhama ndi labala, n'kukhula mizere yofiirira ija ndi phala la hydrochloric acid wa 6.6 peresenti, masekondi osapitirira 60 ulendo uliwonse, kutsukuluza, kuyang'ana, kubwereza. Njirayi imadya enamelo pang'ono, ndiye banga likakhala lakuya timasiya msanga, n'kudzamata ndi composite, chomatira cha mtundu wa dzino.

Tamudindanso mano kuti tipange timathireyi tapulasitiki toikamo mankhwala oyeretsera, tovala kumano usiku. Mankhwala ake ndi carbamide peroxide wa 10 peresenti, yemwe amatulutsa hydrogen peroxide pafupifupi 3.5 peresenti. Pa dzino lililonse aziika kadontho kosaposa njere ya mpunga, kumbali yakutsogolo, ndipo otuluka m'mbali apukute. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amadzaza thireyi poganiza kuti ayera msanga, m'mawa nkhama zawauka, zayera, zikuwawa. Azivala masabata 2 mpaka 4. Mano akamayayamira adumphe usiku umodzi, azitsukira mankhwala okhala ndi potassium nitrate wa 5 peresenti. Tamuchenjeza kuti masiku oyamba mawanga oyera aja angaoneke kwambiri dzino lonse lisanafanane.

Anafunsa za kuyeretsa kwa tsiku limodzi. Kulipo, ndi hydrogen peroxide wa 25 mpaka 40 peresenti, koma kuyera kwina kwa tsikulo ndi kuuma chabe kwa mano, ndipo kumabwerera m'mbuyo pakapita masiku ochepa. Ku Britain lamulo silola kupitirira 6 peresenti poyeretsa mano. Kwa ife thireyi ndiyo yabwino, chifukwa munthu akamva kuwawa amatha kupumira.

Madzulo kunabwera mnyamata wa dzino limodzi lakuda lomwe anamenyetsa pa mpira kalekale. Mtsempha wake unafa, magazi anathimbiriritsa dentini. Ili limayamba ndi X-ray ndi kuchotsa mtsempha, kenako mankhwala amaikidwa mkati mwa dzino, osati kunja.

Omaliza ndi mayi oyamwitsa, omwe tawauza kuti adikire kaye. Ali ndi mano awiri omata kutsogolo, ndipo zomatira siziyera ndi peroxide. Akadzayeretsa tidzadikira masabata 2 tisanamatenso, kuti mtundu ukhazikike komanso composite agwire bwino.