Nthenga pakhonde

Lachiwiri, ku Area 25.

Ndadzuka m'mawa ndapeza nthenga zili mbwee pakhonde, zina zitamatirira pamkeka. Mphaka wathu anali phee pafupi ndi ndowa, akunyambita phazi, pambali pake pali kamutu ka pumbwa. Pumbwa yemwe amandidzutsa tsiku ndi tsiku mumtengo wa mango uja lero sanalire. Mtima wandipweteka kwambiri.

Masana kunabwera mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira ku Bunda, kudzatenga ufa. Nditamuonetsa nthengazo anati, "Amalume, izi n'zochepa. Munamvapo za chilumba cha Marion?" Tinakhala pansi pamangopo mpaka tiyi anazizira.

Chilumbachi n'cha South Africa, chili kutali m'nyanja yozizira, kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town. Mu 1949 anthu a pasiteshoni ya zanyengo anapititsako amphaka 5 kuti azigwira mbewa. Amphakawo anaswana n'kulowerera kutchire, ndipo pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400. Anali atapeza ndiwo zosavuta: mbalame za m'nyanja zomwe zimaikira mazira m'mauna, zosadziwa mdani wa miyendo inayi. Chaka chilichonse ankadya zoposa 400,000. Powachotsa, anayamba n'kuwapatsira matenda a amphaka, kenako kuwasaka usiku ndi mfuti, misampha ndi poizoni, mpaka omaliza anagwidwa mu 1991.

Pamenepo ndinamudula mawu. Ine amphaka ndimawakonda, ndinakula nawo kwa agogo ku Mitundu, komwe nkhokwe ya chimanga imadalira iwowo. Mphaka sanasambire kupita kuchilumbako, anamunyamula ndi munthu. Komabe sindingawatsutse amene anachita zimenezi, chifukwa mphaka ali paliponse, pamene mbalame zija zili ndi zilumba zochepa chabe zoswanirapo.

Chandisowetsa mtendere n'chakuti mbewa zija zikadalipo. Zachuluka, ndipo tsopano zikumadya anapiye a albatross, mbalame zikuluzikulu za m'nyanja, ali amoyo, kuwaluma pamutu usiku ali m'chisa. Akukonza zowaza poizoni pachilumba chonse ndi helikopita.

Madzulo ndapita kumsika wa Nsungwi, ndagula kabelu kakang'ono, ndamumangirira mphakayo m'khosi. Mayi akunyumba anandifunsa kuti, "Nanga makoswe a m'matumba muja awagwira bwanji akulira ngwerengwere?" Tagwirizana kuti usiku tizimuvula n'kumutsekera kuchipinda kwa chimangako, m'mawa azituluka dzuwa litakwera. Pano ndikumumva akukanda chitseko.