Ana anga a Fomu 2 akulemba mbiri za anthu

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi kuno ku Thyolo, teremu ino ana anga a Fomu 2 akulemba mbiri za moyo wa anthu, ndipo zokopera pa Wikipedia ndaletseratu. Mwana akabwereka foni ya achimwene ake amangokolopa ndime yonse, mawu ena sangathe n'kuwatchula komwe.

Tinayamba ndi Bingu wa Mutharika poti ndi wakonkuno. Anabadwa mu 1934, anakhalapo mlembi wamkulu wa COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa), analamulira dziko lino kuyambira 2004 mpaka imfa yake pa 5 Epulo 2012, ndipo anaikidwa ku Ndata. Zakazi tinazindandalika pa bolodi, ana n'kumapanga chiganizo chawochawo pa chaka chilichonse.

Koma gawo lokoma ndi lachiwirili. Aliyense ndamutuma kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwawo. Akafunse m'Chichewa kapena m'Chilomwe, alembe m'kope, Chingerezi chibwere pambuyo. Mtsikana wina wabwera ndi nkhani ya agogo ake omwe anakalambira ku esiteti akuthyola tiyi, dengu kumsana, mvula ikuwathera pathupi. Chaka chobadwa sachidziwa, amangoti anali kubere nthawi ya njala yaikulu ija. Tinafunsa mphunzitsi wa History, ndipo tinapeza kuti ndi njala ya 1949. Mwanayo anachita kudumpha. Kufufuza ndiye kumeneku, osati zija zoloweza pamtima.

Makolo, mwana akakupezani pakhonde madzulo ano ndi kope ndi mafunso ake ambirimbiri, chonde musamuthamangitse. Makope ndikutolera Lachisanu.