Momwe ndimalandirira makalata a adokotala kuno ku England

Kuno GP (dokotala wa m'dera lako amene umayamba kuonana naye ukadwala) akakutumiza kwa dokotala wamkulu kuchipatala, dokotalayo amalembera GP wako kalata yofotokoza zomwe wapeza. Boma linalonjeza mu NHS Plan ya 2000 (ndondomeko ya NHS, bungwe la boma loona za zipatala) kuti odwala nawonso azipatsidwa makalatawa, koma si nthawi zonse amabwera okha. Ine ndinachita kupempha.

Nditakaonana ndi dokotala wa matenda a shuga, ndisanadzuke pampando ndinati, "Adokotala, kalata mukulembera a GP anga ija, nanenso ndiifuna." Sanavute ayi. Anangondiuza kuti potuluka ndidutse kwa mlembi akatsimikize adiresi. Apa musachite mphwayi, makamaka ngati mwangosamuka kumene, chifukwa kalata yonena za m'thupi mwanu ikhoza kukathera m'manja mwa anthu omwe analowa nyumba yanu yakale.

Inafika patadutsa milungu ingapo. Kuiwerenga ndiye kunali mutu waukulu: zilembo zokhazokha, HbA1c apa, bd apo. Ndinapita nayo kwa bambo wa kufamase komwe ndimatenga mankhwala anga a shuga a metformin, ndipo anaiyala pa kauntala n'kumaloza ndi cholembera mzere ndi mzere. Bd ndiye kuti kumwa mankhwala kawiri patsiku. HbA1c imasonyeza momwe shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati m'mawa umenewo wokha. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chake adokotala anandiwonjezera mankhwala ngakhale kamakina kanga kakunyumba koyezera shuga kamaonetsa bwinobwino.

Makalata atsopano ambiri tsopano ndimawaona pa pulogalamu ya pafoni ya NHS App. Kuyambira Okutobala 2023 ma GP a ku England amayenera kuonetsa odwala zomwe zikulowa m'mafayilo awo. Akale ndinalembera kuchipatala kuwapempha. Lamulo la Data Protection Act 2018 limalola, simulipira, ndipo amayenera kuyankha pasanathe mwezi.

Si onse amawafuna. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anakana, poti kwawo kumakhala achibale ambiri ndipo envelopu imatsegulidwa ndi aliyense wofika msanga pakhomo. Sindimutsutsa, kukana n'kololedwa. Koma ife tinakula tikusunga tokha buku la kuchipatala, lokutidwa m'pulasitiki kuopa mvula, ndiye zoti nkhani ya thupi langa ingodziwika kwa madokotala okhaokha sizinandikhalire bwino.

Popita kumudzi ndimatenga kalata yomaliza, chifukwa mankhwala akandithera ku Zomba, dzina ndi mlingo wake zili pomwepo.