Bokosi la kwathu pa mapu a Twilight Struggle

Phunziro la mbiri ya dziko lapansi pambuyo pa 1945 linkandilowa ngati mndandanda wa zaka ndi maina basi. Ndinkatha kunena kuti Lumumba anaphedwa mu Januwale 1961, kuti Mobutu analanda boma mu 1965, kuti asilikali a Cuba analowa ku Angola mu 1975. Koma funso loti n'chifukwa chiyani America ndi Soviet Union ankalimbanirana maiko osauka akutali chonchi, pamene ku Berlin komwe anayang'anizana maso ndi maso sanamenyane, ndinkaliyankha ndi mawu oloweza. Ndalimvetsa bwino nditayamba kusewera Twilight Struggle ndi mnzanga wa m'kalasi.

Masewerawa anapangidwa ndi Ananda Gupta ndi Jason Matthews, ndipo kampani ya GMT Games inawatulutsa mu 2005. Amasewera anthu awiri, wina America, wina Soviet Union, m'ndime khumi zoimira zaka za 1945 mpaka 1989. Pabolodi pali mapu a dziko lonse, m'manja muli makadi. Khadi lililonse lili ndi nambala ya mphamvu zake komanso chochitika cha m'mbiri, monga nkhondo ya ku Korea, mkangano wa pa Suez kapena kubwera kwa Fidel Castro. Chowawa chake n'chakuti ukagwiritsa ntchito khadi lomwe chochitika chake chimakomera mdani, chochitikacho chimachitikabe. Umakhala wanyamula tsoka lako m'manja, n'kumangosankha nthawi yoti likugwere.

Lamulo lomwe landitsegula mutu ndi la kugwetsa boma. Dziko lililonse lili ndi nambala yosonyeza kukhazikika kwake. West Germany ili ndi 4, South Africa 3, pomwe Angola, Zaire ndi Nigeria zili ndi 1 yekha. Pofuna kugwetsa boma, umaphatikiza nambala ya khadi ndi ya dayisi, ndipo zimayenera kuposa nambala ya dzikolo ukaichulukitsa kawiri. Ku West Germany, ngakhale uli ndi khadi lamphamvu la 4, dayisi ikapanda kugwa pa 5 kapena 6 walephera. Ku Angola khadi la 2 lokha ndi lokwana, dayisi igwe mulimonse. Pamwamba pa izi pali muyezo wa DEFCON, woonetsa kuyandikira kwa nkhondo ya nyukiliya. Umayambira pa 5, ndipo umatsika nthawi iliyonse wina akayesa kugwetsa boma m'dziko lolimbirana, kutanthauza limodzi mwa maiko omwe aikidwa pa mapu ngati ofunika kwambiri. Ukafika pa 4 sungayesenso kugwetsa boma ku Ulaya, pa 3 Asia amatsekedwa, pa 2 Middle East nayonso. Ukafika pa 1, yemwe inali nthawi yake yosewera waluza. Africa ndi Latin America sizitsekedwa ngakhale pang'ono. Ndiye mantha a bomba akakula, ndewu yonse imatsetserekera kum'mwera kuno. Palibe buku linandifotokozera zimenezi momveka ngati mmene malamulowa anandikakamizira kuzichita ndi manja anga.

Pa masewero athu aposachedwa ine ndinali America. Mnzanga anayamba monga amayambira ambiri, kugwetsa boma la Iran, ndipo ndime zitatu zoyambirira tinathera ku Ulaya ndi ku Asia. Ndinalimbitsa Italy ndi West Germany, iye anatenga Egypt ndi khadi la Nasser. Ku Africa kunali zii, kupatula kachizindikiro kanga kamodzi, koonetsa mphamvu zanga m'dzikolo, ku South Africa komwe America amayamba nako.

Zinthu zinatentha m'ndime yachinayi, makadi a zaka zapakati atalowa. M'manja mwanga munagwera makadi awiri a mdani: la kumasuka kwa maiko ku utsamunda, ndi la kugwa kwa ufumu wa Portugal. Pali njira yotayira khadi loipa, kuliponya ku mpikisano wopita kumwezi, koma nthawi zambiri ndi limodzi lokha pa ndime. Ndinataya loyambalo. Lachiwirilo ndinalisewera, ndipo mnzanga anaika zizindikiro zake ziwiri ku Angola ndi ziwiri m'bokosi lolembedwa SE African States. Pa mapuwa palibe dzina la Malawi, Zambia kapena Mozambique. Mbali yathu yonse yaimiridwa ndi kabokosi kameneka, nambala yake 1.

DEFCON inali kale pa 2, choncho Angola sindikanaikhudza, poti ndi dziko lolimbirana. Koma malamulo amafunanso kuti ndime iliyonse uonetse mphamvu zankhondo zofanana ndi nambala ya DEFCON, apo ayi mdani apatsidwa mapointi. Kabokosi kathu sikali m'gulu la maiko olimbirana, kotero kugwetsa boma kumeneko sikutsitsa DEFCON. Ndinaponya dayisi, inagwa pa 4. Zizindikiro zake ziwiri zinachoka, zanga ziwiri zinalowa, ndipo chiwerengero changa cha zankhondo chinakwana. Mnzanga anandiyang'ana n'kuti, "Aise, ukudziwa kuti wangoyatsa moto kwa amalume ako?" Kwawo ndi ku Ntcheu, kufupi ndi malire, ndipo sanali kuseka.

Mwa masewero, ndinasewera bwino. N'chifukwa chake zinandikhudza. Sindinaganizire n'komwe za anthu a m'bokosilo. Ndinkafuna kukwaniritsa nambala popanda kuputa bomba, ndipo malo otchipa anali amenewo. Madzulo ake ndinabwerera ku manotsi anga ndi maso ena. Asilikali anagwetsa boma ku Lisbon pa 25 Epulo 1974, Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Angola pa 11 Novembala chaka chomwecho. Renamo, gulu lomwe linaukira boma latsopano la Mozambique, inathandizidwa ndi Rhodesia, kenako South Africa, ndipo nkhondo inapitirira mpaka mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi, ku Nsanje, Mulanje, Dedza, Ntcheu ndi maboma ena. Pabolodi zonsezi ndi dayisi imodzi.

Masewerowo anatha m'ndime yachisanu ndi chiwiri. Mnzanga anatsala ndi khadi la kukhazikitsidwa kwa CIA, lomwe nambala yake ndi 1, yochepa kwambiri moti silingatayidwe ku mpikisano wa kumwezi. Analizengereza mpaka linatsala lokha m'manja, DEFCON ili pa 2. Atalisewera, chochitika chake chinandipatsa mwayi wochitapo kanthu mkati mwa nthawi yake. Ndinaloza Angola, komwe zizindikiro zake ziwiri zija zinali zikadalipo. DEFCON inagwera pa 1, ndipo mlandu wa nkhondo unagwera iye.

Pali zomwe sindigwirizana nazo m'masewerawa, ndipo wophunzira mbiri ayenera kuzisamala. Amatenga maiko onse ngati alibe maganizo awoawo, ngati amangodikira Washington kapena Moscow. Kamuzu Banda sakwanamo m'chithunzi chimenecho. Anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, anakachezako mu 1971, ndipo ndalama za kumeneko zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Anali kusewera masewera akeake, kugwiritsa ntchito kudana kwake ndi chikomyunizimu kuti maiko a azungu asamufunse zambiri za anthu omwe ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Frelimo ya ku Mozambique ndi MPLA ya ku Angola nawonso sanapangidwe ku Moscow. Anamenyera ufulu wawo kwa zaka zoposa khumi Portugal isanagonje. Khadi limodzi lija limapereka zonsezo kwa Soviet Union ngati mphatso.

Komanso masewerawa amatha mu 1989, pomwe kwa ife nkhani inali ikuyamba kumene. Soviet Union itatha mu 1991, Banda sanalinso wofunika kwa omwe ankamutchinjiriza. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, maiko othandiza anaimitsa thandizo lachitukuko mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa riferendamu. Nkhani yomwe ndikulemba teremu ino ndi ya zaka zimenezi, ndipo funso langa ndi lakuti kusinthaku kunachokera kunja mochuluka bwanji, nanga ndi gawo liti lomwe anachita okha ophunzira a ku Chancellor College, ogwira ntchito omwe ananyanyala ku Blantyre ndi ansembe omwe anaiwerenga kalatayo paguwa.