Sabata yosankha mafoni oyesera app yathu

Lolemba abwana anatulutsa ndalama zogulira mafoni oyesera app ya banki m'khonde yomwe tikupangira magulu a amayi a ku Jali ndi Songani. Anzanga ankafuna Samsung yapamwamba, ine ndinakana. Amayi aja m'manja mwawo muli itel ndi Tecno, zambiri za RAM ya 2GB, galasi long'aluka pakona, memori yodzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp. App ikamathamanga pa kompyuta yanga koma n'kumakakamira pa foni yotere, ndiye kuti palibe chomwe tapanga.

Lachiwiri ndinazungulira mashopu a pafupi ndi msika wa Zomba. Itel yatsopano sinavute kupeza. Nkhani inali pa Pixel yakaunjika, foni ya Google. Mnyamata wogulitsa anati, "Yotsegula kale iyi, achimwene, TNM kaya Airtel imalowa." Sananame, koma ine ndimafuna kutsegula bootloader, kapulogalamu koyatsa foni, kuti ndizitha kusintha pulogalamu yoyendetsa foniyo. Ndinalowa mu Settings, n'kudina Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options ioneke. OEM unlocking, batani lololeza kutsegula bootloader, inali yotuwa, yosadinika. Mafoni ena ochokera kumakampani a netiweki a ku America amabwera choncho, ndipo palibe wokonza mafoni angaisinthe. Pa Pixel yachiwiri inadinika, ndinalipira.

Lachitatu ndinailumikiza ku laputopu n'kulemba fastboot flashing unlock, lamulo lotsegula bootloader. Lamulo limeneli limafufuta zonse za mufoni, choncho musaliyesere pa foni yomwe muli zithunzi za ana anu. Pa Samsung n'zoopsa kwambiri: mukaikamo pulogalamu yosakhala yawo, Knox, chitetezo cha mafoni awo, imaika chizindikiro chosafufutika mpaka kalekale.

Itel ija sindinaitsegule, ndinangoyatsa USB debugging, yolola kuyesa app kudzera pa kompyuta. Ndikufuna ikhale ndendende ngati ya msungichuma wa gulu, chifukwa foni yotsegulidwa imalephera mayeso ena a Play Integrity, omwe Google imaonera ngati foni sinasinthidwe, ndipo ma app ena a ndalama amaikana.

Lachinayi tinali ku Jali pansi pa mtengo wa mango. Netiweki inagwera pa 2G, mayi msungichuma akulowetsa masheya a anthu. "Aphunzitsi, kachizunguliroka sikakutha," anatero akundionetsa foni. Zithunzi za mamembala ndi zomwe zimalemera. Tinagwirizana kuzichepetsa, komanso kuti app izisunga kaye mufoni, n'kutumiza netiweki ikabwera.

Za iPhone tinakambirana Lachisanu mwachidule. Kuti app ikhale pa iPhone pafunika kompyuta ya Mac, pulogalamu yopangira ma app ya Xcode ndi madola 99 pachaka kwa Apple, pomwe Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha. Pagulu lija panalibe wa iPhone, ndiye ndalamayo tigulira Tecno ina.